Koyilo yanga yoyamba ikupsereza thonje, ndipo ma ohm sakukhazikika

aMbewe, Johannesburg

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi vuto limene landivutitsa kwa masiku atatu tsopano, ndipo ndaona kuti n'kwabwino kufunsa kwa amene munayamba kale ntchitoyi kusiyana n'kumangowononga waya ndi thonje. Ndinasuta ndudu kwa zaka 14, ndipo chimene chinandithandiza kusiya ndi vepu, ndudu yamagetsi yotulutsa nthunzi. Poyamba ndinkagula makoyilo (waya wokulunga umene umatenthetsa madzi a m'thonje) opangidwa kale, koma iliyonse inkangotha sabata imodzi kapena masiku khumi, ndipo chiyambire mwezi wa June 2023, pamene boma la kuno linaika msonkho wa R2.90 pa mililita iliyonse ya madzi a vepu, ndalama zimene ndinkapatula pa zimenezi zinasiya kukwanira. Ndiye ndinagula thanki yomangira wekha koyilo, ija amati RTA, ya koyilo imodzi, pamodzi ndi waya wa Kanthal A1 wa nambala 26.

Ndinakulunga wayayo mikombero 7 pa kachitsulo ka mamilimita 3, n'kumanga miyendo yake iwiri pa masikuluwu. Nditaika thankiyo pa mod yanga (chipangizo chosunga batire ndi kuyatsa koyilo), imene ndi ya batire limodzi la mtundu wa 18650 ndipo ili ndi pochepetsera ndi kuwonjezera ma watt, inandionetsa 0.9 ohm (muyezo wa mmene waya ukukanira magetsi). Patapita kanthawi inaonetsa 1.2, kenako 0.7, ndipo kawiri yakana kuyaka ponena kuti pali shoti. Ndikakoka pa ma watt 30, mpweya woyamba umakhala bwino, koma wachiwiri umabwera ndi fungo la chinthu chopserera limene limapweteka kukhosi mpaka kutsokomola. Kodi ndalakwitsa pokulunga, kapena waya amene anandigulitsa ndi wachabechabe?

aBanda, Pretoria

Achimwene aMbewe, mwachita bwino kufunsa, ndipo choyamba ndikupempheni kuti muichotse thankiyo pa mod mpaka nambala imeneyo itakhazikika. Ine ndimagwira ntchito ya zamagetsi, ndiye ndiyamba ndi masamu, chifukwa ndi amene angatiuze ngati wayayo ali ndi mlandu. Kanthal A1 wa nambala 26 ndi wonenepa pafupifupi mamilimita 0.4, ndipo mita imodzi ya waya ameneyu imakhala ndi ma ohm opitirira pang'ono 11. Mkombero umodzi pa chitsulo cha mamilimita 3 umadya waya wotalika pafupifupi mamilimita 10.7, ndiye mikombero 7 ndi mamilimita 75, ndipo mukawonjezera miyendo iwiri mufika cha pa 85. Zimenezi zikutipatsa ma ohm apakati pa 0.9 ndi 1.0. Choncho nambala yoyamba imene mod inakuonetsani ndi yoona, ndipo kakulungidwe kanu kalibe vuto.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kusinthasinthako. Kanthal ndi chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi aluminium, chimene kampani ya ku Hallstahammar m'dziko la Sweden inayamba kupangira ng'anjo zamagetsi, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti ma ohm ake sasintha kwenikweni akatentha. Mukanakhala kuti mwagwiritsa ntchito waya wa chitsulo chosachita dzimbiri wotchedwa SS316L, kukwera pang'ono kwa nambala pamene koyilo yatentha kukanakhala kwachibadwa. Koma Kanthal akamachoka pa 0.9 kufika pa 1.2, ndiye kuti penapake pamene magetsi akudutsa sipanagwirane bwino, ndipo kawirikawiri pamakhala pa sikuluwu yolefuka. Nambala ikamatsika kufika pa 0.7 kapena mod ikamanena za shoti, ndiye kuti koyiloyo kapena kamwendo kamene simunakadule bwino kakukhudza chitsulo cha thanki. Mavuto awiriwa amatha kupezeka pamodzi, popeza koyilo yosamangika bwino imagwedezeka n'kukakhudza chivindikiro mukamatseka.

Chotsani thonje lonse, bwezerani kachitsulo ka mamilimita 3 mkati mwa koyilo kuti isapindike, mangani masikuluwu mpaka mumve kuti agwira waya koma osaumiriza chifukwa sikuluwu imatha kudula waya wopyapyala, ndipo dulani miyendo yotsalayo pafupi kwambiri ndi pomangira. Mukatero muyeze thankiyo ili yotsegula, muyezenso mutaika chivindikiro. Nambala ziwirizo zikasiyana, pali chimene chikukhudzana mkatimo. Pukutaninso pansi pa thanki pamene imalumikizana ndi mod, chifukwa madzi akadontherapo amasokoneza muyezo.

aNachisale, Leeds

Bambo Mbewe, aBanda afotokoza za magetsi, ine ndinenepo za kupsererako, chifukwa ngakhale mutakonza masikuluwu, ma watt 30 pa koyilo imodzi ya waya wopyapyala chotero ndi moto wambiri. Pa 1 ohm, ma watt 30 ndi pafupifupi ma volt 5.5. Yambani pa 12, muzikwera limodzi limodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti mupeza pokoma musanadutse 18 kapena 20. Mfundo yake ndi yakuti koyilo isaumitse madzi mofulumira kuposa mmene thonje likuwakokera, ndipo n'chifukwa chake mpweya wanu woyamba uli bwino pamene wachiwiri ukupeza thonje louma.

Thonjelo liyenera kulowa m'koyilo mogwira pang'ono, moti mukalikoka limayenda koma osagwetsa mod kapena kupinda mikombero. Ambiri oyamba kumene amalipanikiza kwambiri poopa kuti thanki idontha, ndipo thonje lopanikizika silikoka madzi, makamaka madzi olimba okhala ndi VG (glycerin wochokera ku zomera) wambiri. Nsonga zake muzipesule pang'ono ndi kuziika mopepuka m'timabowo tolowera madzi, osazitsendera. Musanatseke, donthezani madzi pa thonje mpaka linyowe lonse, ndipo mudikire mphindi zisanu thanki itadzaza.

Ndimagwira ntchito yosamalira odwala, ndiye ndikufuna kuti fungo lopserera musalione ngati nkhani ya kakomedwe kokha. Mu January 2015 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kalata ya akatswiri ena amene anapeza formaldehyde (mankhwala oopsa ku thanzi) wambiri mu nthunzi pamene anayatsa vepu pa ma volt 5.0, pamene pa ma volt 3.3 sanamupeze. Anthu ena anawatsutsa ponena kuti palibe munthu amene angapitirize kukoka nthunzi yopserera chotero, ndipo mwina ankanena zoona, koma kwa ine zonse ziwiri zikutiuza chinthu chimodzi: khosi likakana, lekani pomwepo, musinthe thonje, chifukwa thonje likapsa kamodzi silibwereranso.

aGama, Cape Town

Akuluakulu anga, sindikutsutsa zimene mwanena, koma ndikuona kuti aMbewe mukuwasunga pa zinthu zakale. Masiku ano anthu ambiri amene amamanga okha safuna 1 ohm. Ine ndimagwiritsa ntchito mod yopanda zamagetsi mkati, imene ndi chubu chachitsulo ndi batani basi, ndipo ndimamanga makoyilo awiri a waya wa nichrome wotchedwa Ni80 wa nambala 24, mikombero 5 iliyonse, zimene zimandipatsa 0.17 ohm. Imatentha nthawi yomweyo, nthunzi ndi yambiri, ndipo palibe nambala zovutitsa pa galasi chifukwa galasilo palibe. Batire langa ndi Samsung 30Q chifukwa limakhalitsa tsiku lonse. Komanso pa nkhani yosunga ndalama, ndinamva kuti waya wa m'mbaula zamagetsi ndi nichrome yemweyo, ndiye munthu atha kumasula mbaula yakufa m'malo mogula waya wodula m'sitolo.

aBanda, Pretoria

aGama, ndikupemphani ngati mng'ono wanga kuti muwerenge zimene ndilembe pano musanasindikizenso batani la mod yanuyo. Batire la 18650 likadzaza limakhala ndi ma volt 4.2. Pa mod yopanda zamagetsi mkati palibe chimene chimaima pakati pa batire ndi koyilo, ndiye mphamvu imene ikutuluka m'batire timaipeza pogawa ma volt ndi ma ohm. Gawani 4.2 ndi 0.17, mupeza ma amp pafupifupi 25. Samsung 30Q analipanga kuti lizitulutsa ma amp 15 mosalekeza. Limakhalitsa tsiku lonse chifukwa limasunga 3000 mAh, koma mabatire amene amasunga moto wambiri kawirikawiri ndi amene amapirira ma amp ochepa, ndipo opanga amasinthanitsa chimodzi ndi chinzake. Ndi batire lanulo, koyilo yotsika kwambiri imene mungamange ndi 0.28 ohm, ndipo munthu wosamala amasiyako mpata n'kukhala cha pa 0.35. Ngakhale Samsung 25R, limene limapirira ma amp 20, malire ake ndi 0.21, ndiye nalonso silingakwanitse makoyilo anuwo.

Galasi limene mukuti ndi lovutitsa ndi limene lapulumutsa aMbewe sabata ino. Kawiri konse mod yawo inakana kuyaka chifukwa cha shoti. Shoti yomweyo ikanachitika pa chubu chanu, batire likanakhuthulira mphamvu yake yonse pa kamwendo ka waya, n'kutentha, n'kuyamba kutulutsa mpweya woyaka lili m'chitsulo chotsekeka chimene chili pafupi ndi mano anu. Ndinaonapo batire la mtundu womwewu likuphulika m'thumba la mnzathu wina kuntchito, chifukwa analiika pamodzi ndi makiyi ndi makobidi, ndipo ntchafu yake inatenga miyezi kuti ipole. Chiyambire tsiku limenelo batire lapadera ndimaliyendetsa m'kabokosi kake ka pulasitiki, ndipo chikopa chake chikang'ambika ngakhale pang'ono, sindiliika m'mod mpaka nditalikutira china, popeza thupi lonse la batire pansi pa chikopacho ndi mbali ya negative.

Sindikunena kuti amene ali ndi mod yokhala ndi galasi aiwale za batire. Kumeneko masamu ake ndi ena: timagawa ma watt ndi ma volt a batire likatsala pang'ono kutha, cha pa 3.2. Pa ma watt 18, aMbewe akukoka ma amp osakwana 7, ndiye ali kutali ndi malire. Koma pa ma watt 60 ndi batire limodzi, munthu wafika kale cha pa ma amp 20.

Za waya wa mbaula ndikukana kwathunthu. N'zoona kuti nichrome, amene Albert Marsh analembetsa mu 1906, ndi amene anapangitsa kuti mbaula ndi nsimbi zamagetsi zitheke. Koma nichrome alipo wamitundu yambiri, ndipo wa m'mbaula yakufa simungadziwe kuti anasakaniza ndi chiyani, watentha kwa zaka mpaka wachita makoko, ndipo m'mbaula zambiri amakhala m'chubu chodzaza ndi ufa woyera wa magnesium oxide. Waya wa mpanda nawo ndi woopsa kwambiri chifukwa anaukuta ndi zinc, ndipo aliyense wowotcherera zitsulo angakuuzeni mmene utsi wake umadwalitsira. Waya wa kopa wa m'zingwe zamagetsi sakana magetsi n'komwe, ndiye ndi shoti chabe. Koyilo ya aMbewe yadya masentimita osakwana 10, kutanthauza kuti mamita 10 a waya weniweni ndi makoyilo ambirimbiri ngakhale tiwerengere wotayika podula. Palibe ndalama imene mungapulumutse pamenepo.

aMbewe, Johannesburg

Zikomo kwambiri nonse. aBanda, munalasa pomwepo: sikuluwu imodzi inali yolefuka moti inazungulira theka lathunthu ndisanamve kuti yagwira, ndipo kamwendo kamodzi kanatsala katali kukhudza chivindikiro. Tsopano ikuonetsa 0.97 ohm yotsegula ndi yotseka yomwe. Koma ndisanaike thonje ndinayatsa pang'ono kuti ndione, ndipo mwendo umodzi ndi mkombero wakumapeto ndi zimene zikufiira poyamba, pakati pakadali pakuda. Kodi zimenezi zili bwino? Chinanso, nkhani ya mabatireyi yandichititsa kuyang'ana langa lapadera limene ndinagula pamsika motchipa, ndipo palembedwa 9900 mAh, popanda dzina la kampani limene ndikulidziwa.

aJere, Lilongwe

aMbewe, batire limenelo musaliikenso m'mod. Mabatire enieni a 18650 amene amasunga moto wambiri amathera cha pa 3500 mAh, ndiye nambala ya 9900 ndi bodza, ndipo amene ananama pa nambalayo sitingawakhulupirire pa zimene anaika mkati. Kuno timawaona ambiri otere m'matochi.

Za kufiira, koyilo yabwino imayamba kufiira pakati, moto n'kumafalikira kumapeto onse awiri mofanana. Mwendo ukamafiira poyamba, ndiye kuti mikombero ina yakhudzana moti magetsi akudumpha m'malo mozungulira waya wonse, ndipo malo otentha kwambiriwo ndi amene adzapsereza thonje ngakhale pa ma watt ochepa. Amene amakonda mikombero yogundana amakonza zimenezi poyatsa pang'onopang'ono, kusiya batani, n'kupalasa koyilo mopepuka kapena kuipana ndi kachopanira ka ceramic, mpaka wayayo atachita kachikopa kopyapyala kamene kamalekanitsa mkombero ndi unzake. Kachopanira kachitsulo kasakhudze koyilo batani lili losindikizidwa.

Ine ndinasiya njira imeneyo. Ndimakulunga mogundana, kenako ndimaitambasula pang'ono ili pa chitsulo n'kuibwezanso, ndipo imatsala ndi timipata tofanana pakati pa mikombero. Koyilo yotero ilibe malo odumphira magetsi, ndiye sifuna kufiiritsa. Ndinazolowera chonchi chifukwa kuno waya ndimachita kutumiza kwa abale akamabwera kuchokera ku South Africa, ndiye sindifuna kutaya ngakhale kachidutswa. Pa chifukwa chomwecho ndinaganizapo zogwiritsa ntchito thonje la kumunda, popeza kwathu ku Balaka timalima, koma ndinaleka nditakumbukira kuchuluka kwa mankhwala amene timapopera pa mbewu imeneyi. Thonje losakonzedwa limakhalanso ndi mafuta ake achibadwa amene amakaniza madzi kulowa. Gulani lopangidwira ntchitoyi, ndipo musambe m'manja musanaligwire.

aNachisale, Leeds

Ndikugwirizana ndi bambo Jere pa mikombero yotalikirana, ndipo chifukwa changa ndi cha thanzi. Mu 2018 akatswiri a ku Johns Hopkins University anayeza mavepu a anthu 56, ndipo anapeza zitsulo monga chromium, nickel, manganese ndi mtovu mu nthunzi, zochuluka kuposa zimene zinali m'madzi asanalowe m'thanki, zimene zinaloza ku koyilo. Sindikufuna kuopseza munthu kuti abwerere ku ndudu, pakuti utsi wa fodya woyaka ndi woipa kwambiri, ndipo kuno ku Britain achipatala amavomereza vepu ngati njira yothandizira osuta kusiya. Koma waya umene tikuutenthawu tikupumira pomwepo, ndiye tisauzunze. Ngati mwasankha kufiiritsa Kanthal, chitani m'chipinda chamdima pang'ono pa ma watt ochepa, kuti muone kufiira kwakuda kokha, osafika poyaka ngati khala lopemereredwa. Waya wa Ni200 (nickel yekhayekha) ndi wa titanium sayenera kufiiritsidwa ngakhale kamodzi, ndipo amagwira ntchito pa mod yoyeza kutentha yokha. Amene khungu lawo limatupa akavala ndolo kapena wotchi yokhala ndi nickel apewe Ni80, popeza magawo 80 pa 100 a waya ameneyu ndi nickel. Waya watsopano muzimupukuta ndi mowa wa kuchipatala kapena kumutsuka ndi madzi musanakulunge, chifukwa amabwera ndi timafuta ta ku fakitale.

aGama, pali chinanso chimene simunatchule. Makoyilo otsika ma ohm amaumitsa madzi ambiri pa mpweya umodzi, ndiye chikonga chiyenera kutsika kufika pa 3 mg kapena 6 mg pa mililita iliyonse. Munthu akaika madzi a 18 mg kapena 20 mg, amene ndi malire a lamulo kuno, pa makoyilo ngati anuwo, amachita chizungulire ndi nseru. Kwa bambo Mbewe, amene akudandaula za msonkho wa pa mililita, koyilo ya 1 ohm ndi imene ikuwayenera, chifukwa botolo limodzi liwakhalitsa nthawi yaitali. Ndipo mabotolowo muziwatsekera pamalo amene mwana sangafike, chifukwa amanunkhira ngati maswiti pamene chikonga chikamwedwa ndi poizoni.

aGama, Cape Town

aBanda, ndawerenga ndipo ndachita masamuwo ndekha, ndapeza 24.7. Ndiyenera kuvomereza kuti chubucho chimatentha m'manja ndikakoka kangapo motsatizana, ndipo ndinkaganiza kuti ndi kutentha kochokera ku makoyilo. Usiku watha ndinatulutsa batire nditangokoka, ndipo ndi lomwelo limene linali lotentha. Ndachotsa koyilo imodzi n'kumanga yatsopano ya mikombero 6, ndipo pa choyezera cha mnzanga yaonetsa 0.39 ohm, kutanthauza ma amp osakwana 11. Za waya wa mbaula ndazisiya. Koma pa mikombero yotalikirana sindinagonje, chifukwa kwa ine yogundana imatentha msanga ndipo imalowa bwino m'thanki yaing'ono, pamene yotalikirana nthawi zina imalavula timadontho totentha m'kamwa.

aJere, Lilongwe

Zimenezo ndi zoona, aGama, imalavula ngati timipata takula kwambiri kapena thonje lachepa mkati. Mpata usapitirire kunenepa kwa wayayo. M'thanki yopapatiza ndikuvomereza kuti yogundana imakwana bwino. Koma choyezera gulani chanu, musamadalire cha mnzanu, chifukwa pa chubu chotero koyilo iliyonse iyenera kuyezedwa isanakhudze batire, ngakhale pamene mwangosintha thonje.

aMbewe, Johannesburg

Ndabweranso patatha masiku asanu. Ndinatsatira njira ya aJere ya mikombero yotalikirana, ndinachepetsa thonje monga ananenera mayi Nachisale, ndipo ndakhazikika pa ma watt 15. Nambala ili pa 0.98 ndipo sinasunthe, fungo lopserera latha, ndipo kakomedwe kake kakuposa makoyilo ogula aja. Batire la 9900 ndinalimata tepi mbali zonse ziwiri n'kukalisiya ku sitolo imene imalandira mabatire akale. Chimene ndaona lero n'chakuti koyiloyo yayamba kuda ndipo thonje lasanduka lofiirira pakati. Kodi ndiye kuti yatha kale, ndikulunge ina?

aBanda, Pretoria

Ayi achimwene, wayayo akadali wabwino. Kudako ndi zotsekemera za m'madzi zimene zimakakamira pa waya monga shuga amakakamirira pansi pa poto, ndipo madzi otsekemera kwambiri kapena akuda amadetsa msanga. Chotsani thonje, yatsani koyilo pang'ono pa ma watt ochepa kuti zokakamirazo ziume, siyani batani, idikireni izizire, kenako muchotse thanki pa mod n'kutsuka koyiloyo ndi madzi ndi kaburashi kakang'ono. Ikauma, yesaninso masikuluwu chifukwa kutentha ndi kuzizira kumawalefula, muyeze ma ohm, n'kuika thonje latsopano. Thonje muzisintha pafupifupi sabata iliyonse, koma koyilo ya Kanthal imatha kukhala mwezi umodzi kapena iwiri. Mudzakulunge ina pamene wayayo akhalabe wokhakhala mutamutsuka, kapena pamene nambala yayamba kukwera masikuluwu ali omangika.